Mtengo ndi Mtengo

Ku Chirunga, m'kalasi ya mafani osazungulira,
a Dokotala Kamtedza analemba liwu limodzi kawiri pa bolodi.
Mtengo. Mtengo.
"Zilembo n'zofanana," anatero, "koma khutu silinamizidwa.
Wina umakwera pakati, wina umayenda chogona.
Pitani mukatole mawu pakamwa pa munthu wamoyo.
Musakamukonze. Sitinabwere kudzaweruza milomo.
Tikufuna zimene anthu amanena,
osati zimene tikuganiza kuti azinena."

Ndinapita kwa bambo anga
kuseri kwa msika, kumene ankagulitsa matabwa a paini
otsika m'phiri pamitu ya anthu kusanache.
Ndinaika foni pa benchi, pakati pa utuchi ndi misomali.
"Nenani chimene chimamera ku Chawe."
"Mtengo."
"Nanga chimene mumakanganirana ndi makasitomala?"
"Mtengo. Iwe Asiyatu,
fizi yonse ija ndikulipirira zimenezi?"
Anaseka mpaka kutsokomola.
Chifuwacho chinalowanso m'foni.

Usiku ku Chikanda, magetsi atabwera,
kompyuta inajambula mawu awo ngati mzere.
Woyamba unali phiri la Zomba, kukwera n'kutsetsereka.
Wachiwiri unali dambo la ku Kachulu, see!
Ndinaika kachizindikiro pamwamba pa e,
kanthu kochepa ngati kachisonga m'chala,
kolekanitsa mthunzi ndi ndalama.
Aphunzitsi analemba mofiira kuti ndakhoza.

Mwezi wa Juni sitiroko inawagwetsa pakati pa matabwa.
Ku chipatala chachikulu, wodi ya amuna,
bedi la pafupi ndi zenera,
mlomo wawo unapendama ngati chitseko choguluka hinji.
Buku linali litandiuza kale dzina la vutoli,
mbali ya ubongo imene yavulala,
ngakhale chithunzi chake patsamba lakumanja.
Silinandiuze poika manja anga.

Mawu anabwerera limodzilimodzi
ngati angongole a kumapeto kwa mwezi.
Loyamba silinali la Chichewa.
"Mesi," anatero,
Chiyao chimene anachisiya ku Namwera asanamere ndevu.
Namwino anayang'ana ine. Ndinathamangira kapu.
Kenaka mayina anabwera atasokoneza mabanja awo:
madzi uyu, mwana ichi, nsapato langa.
Ine amene ndinachezera usiku kuloweza magulu a mayina,
mu ndi a, chi ndi zi, li ndi ma,
ndinangoti eya bambo, madzi uyu, imwani.
Sindinawakonze.

Lachisanu anayang'ana panja pa jakaranda wopanda maluwa
nati, "Mtengo."
Chogona. Wopanda phiri.
Amayi anagwira mfundo ya chitenje:
"Za ndalama musadandaule, tagulitsa matabwa aja."
Bambo anapukusa mutu. "Mtengo."
"Mankhwalawa ndi aulere, a Che Ajusa, gonani."
Msozi unatsika mbali imene imamva.

Pamenepo ndinatulutsa foni.
M'wodi monse, pakati pa madiripi ndi fungo la jiki,
munthu wa mwezi wa Malichi anayankhula,
wa mapapo odzaza, wa pensulo kukhutu,
kuphunzitsa mwini wake kukwera.
Mtengo. Ndinabweza. Mtengo.
Inapitirira mpaka pa fizi paja, pa kuseka, pa chifuwa.
Wodwala wa bedi loyandikana anaseka nawo
osadziwa nkhani.

Bambo anayesa. Dambo.
Anayesanso. Dambo lomwelo.
Kachisanu ndi chiwiri liwu linanjenjemera pakati
ngati munthu wosenza thabwa pachitunda cha Mulunguzi,
linakwera pang'ono, pang'ono zedi,
kompyuta mwina ikanakana.
Amayi anatembenukira pazenera.
"Ooh," anatero. "Mukunena uwo?"

Ndinalibe kope.
Ndinalemba pachikuto cha buku lawo la chipatala,
pansi pa nambala za magazi:
tsiku, nthawi, zilembo zisanu ndi chimodzi,
ndi kachisonga kaja pamwamba pa e.